Manda a Apongozi Anga ku Ngara

Ndinabwera ku Karonga kudzaphunzitsa dziko litangolandira ufulu, ndipo ndinakwatira ku Ngara. Mkazi wanga anabatizidwa tisanamange ukwati, koma mayi ake anafa ali Msilamu. Iwo anali mwana wa mmodzi wa Aswahili aja amene anatsalira kuno nkhondo zakale zitatha. M'kalasi ndinkaphunzitsa za anthu amenewa monga buku linkanenera, kuti anali ogula akapolo, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Masiku amenewo munthu sunkawonjezera zako pa silabasi. Kunyumba mkazi wanga sankafunsa zimene ndaphunzitsa.

Apongozi anga anaikidwa kumapeto kwa manda a m'mudzi, pamodzi ndi abale awo ochepa. Panalibe mtanda kapena dzina, koma miyala iwiri, wina kumutu wina kumiyendo. Mvula ikatha, mkazi wanga ankapita yekha ndi khasu kukalambula. Atadwala matenda amene anamutenga, anandiuza ali chigonere:

"Abambo, ine mpingo udzandisamala. Koma amayi aja alibe wina. Musadzalole kuti pamere thengo."

Ndinavomera, ndipo ndinkapitako chaka ndi chaka. Kenaka boma linandisamutsira ku Iponga. Kusamutsidwa sitinkakana, ndipo mabasi anali osadalirika. Mvula ziwiri zinadutsa ndisanapondeko.

Nditabwerera ndinapeza tchalitchi chathu chikumangidwa ndi njerwa zowotcha. Miyala ya maziko inkasowa, choncho akhristu ankatola paliponse pamene aipeza. Tsiku lolambula manda, amuna a mumpingo anaona miyala yopanda mitanda kumapeto kuja, naitenga pa wilibala. Pamalopo anasalaza bwinobwino, ndipo wina anabzalapo chinangwa.

Mkulu wa mpingo amene anatsogolera ntchitoyo anali mnzanga, ndipo ndiye amene ananyamula bokosi la mkazi wanga. Nditamufunsa anagwira pakamwa, n'kunditchula mphunzitsi m'chinenero cha kumeneko.

"Asambizgi, pepani chomene. Manda opanda mtanda ife tikanawadziwa bwanji? Tinkayesa ndi miyala imene ana anaunjika."

Sindinamuone bodza m'maso. Anali wamng'ono pamene maliro omaliza a Chisilamu anachitika pamenepo, ndipo palibe anamuuzapo.

Ndinapita kwa wansembe wathu, mzungu wokalamba wa ku Sipeini, kukapempha kuti mwina tifukule miyalayo. Anandilondolera kumaziko. Simenti inali itauma kale, khoma litafika m'chiuno.

"Aphunzitsi, mwala wanu ndi uti pamenepa?"

Sindinathe kuloza. Tinakhala pa mulu wa njerwa, iye n'kuyamba kunena za kwawo, zimene sanazitchulepo pa guwa. Anati Asilamu anakhala m'dziko lawo mibadwo yambirimbiri. Pambuyo pake anawakakamiza kubatizidwa, ndipo adzukulu awo, obatizidwa omwewo, anawakweza m'zombo n'kuwathamangitsa. Ngalande zothirira malalanje a bambo ake anakumba ndi anthu amenewo. Nsanja ya belu ya tchalitchi chimene iye anabatizidwiramo inali poitanira Asilamu ku mapemphero.

"Kusukulu sanatiuze," anatero. "Ndili mnyamata, okumba msewu anapeza mafupa ambiri, onse atagona cham'mbali, nkhope zitaloza kumodzi. Akuluakulu anati sakudziwa kuti ndi a yani. Anakwirira msanga, msewu n'kupitirira."

"Ndiye kwanu kulibe amene amawakumbukira, Bambo?"

"Malalanje timadya," anayankha, osaseka.

Ndinkayembekeza kuti anditonthoza ndi mawu a m'Baibulo, koma sanatero. Anangolonjeza kuti awatchula apongozi anga pa Misa. Kenaka anafunsa ngati iwo akanakondwa nazo. Ndinati sindikudziwa. Sitinawatchule.

Mwini chinangwa anandilola kuyendamo ndi ndodo, kufufuza pamene nthaka inali yofewa. Paliponse panali pofanana. Mtengo umene kale ndinkazindikirira malo a mandawo unali utadulidwa kuti awotchere njerwa.

Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Lilongwe, anabwera pa tchuthi ndi ana ake. Titapemphera pa manda a mayi ake, anandifunsa pamene panagona agogo ake. Ndinawatengera m'chinangwa muja, ndinaima pakati, n'kutambasula dzanja kuchokera uku mpaka uko. Iye anayang'ana kwa kanthawi, kenaka anauza ana kuti asaponde mbewu za eni ake, ndipo tinatuluka.