Ulendo wa ku nyumba ya ansembe

Chaka chimene ndinkaphunzitsa Sitandade 6 kufupi ndi Nsaru, ndinaganiza zopita ndi ana a m'kalasi mwanga kukaona nyumba yakale ya ansembe ku mishoni, ija ya khonde lalitali ndi njerwa zofiira. Kwa ahedi ndinati ndi phunziro la mbiri yakale. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kupita ndi bambo anga. Iwo anaphikira ansembe m'nyumba imeneyo ali mnyamata, ndipo ndinkalakalaka ataima pakati pa ana, ndodo m'manja, n'kumawalozera chipinda ndi chipinda, ine ndikunyadira kumbuyo.

Nditawauza anaseka. "Iwe, ukufuna ndikawaphunzitse kusenda anyezi?" Komabe tsiku lomwelo anatulutsa jekete lawo la ku Misa n'kuliyanika padzuwa.

Ndinasankha Loweruka lina mu Meyi. Ine, mwana wa mlimi, kusankha Meyi. Pamsonkhano wa makolo mayi wina anaimirira n'kumanga chitenje bwinobwino. "Madamu, kodi kwanu mtedza umadzikumba wokha? Loweruka ndi tsiku lokhalo limene anawa timakhala nawo kumunda." Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma manyazi anandigwira. Tinasunthira ku Juni. Mu Juni mwini lole amene anatilonjeza anali kalikiliki kunyamula mabelo a fodya. Mu Julaye kunali mayeso, kenako sukulu inatsekera. Sindinade nkhawa. Ndinkati nyumba yakhala zaka zonsezi, ilibe miyendo, tidzaipeza.

Pamene tinkatsegulira, bambo anali akudwala. Tsiku lina nditaweruka ndinawapeza atawagoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mango.

"Khala apa," anatero. "Ndikuuze za nyumba ija, ulembe."

"Ayi bambo, mukawauza nokha anawo. Lole yapezeka."

"Eti?"

"Ee. Inu mungochira basi."

Ndinakana dala. Ndinkaopa kuti ndikagwira cholembera ndiye kuti ndavomera kuti sapita. Sanandikakamize, anangopempha madzi akumwa. Tinawaika m'manda mvula isanagwe.

Ulendowo unachitika chaka chotsatira, makolo atasankha okha tsiku. Ana anaimba njira yonse, fumbi lili koboo kumbuyo kwa lole. Mlonda amene anatitsegulira anali watsopano, ankangodziwa kiyi wa chitseko chilichonse. Tinayenda m'zipinda zonunkha mileme, ine ndikunena zochepa zimene ndinkadziwa: kuti njerwa anaumba ndi anthu a m'midzi yozungulira, kuti apa ndi pamene ansembe ankadyera. Nditalowa kukhitchini mtima unandiwawa. Ndinagwira chitofu chachitsulo chozizira, n'kumaganiza kuti manja a bambo anagwirapo pomwepo, ndipo ndinawasowa kuposa tsiku la maliro.

Pakhoma la kukhitchiniko panali kazenera kotsika, kofika m'chiuno mwa munthu, kokhala ndi kachitseko kamatabwa. Mtsikana wina wokonda mafunso anakatsegula n'kusuzumira.

"Madamu, aka kanali kachiyani?"

Ana onse anatembenukira kwa ine. Mlonda anangopukusa mutu.

"Ndikafunsa kunyumba," ndinatero.

Mawuwo anatuluka okha, monga ndinkayankhira kale ndikasowa chonena m'kalasi. Mtsikanayo anakhutira n'kuthamangira anzake kukhonde. Lolemba m'mawa ndinamupeza akundidikira pakhomo la kalasi, kope lotsegula m'manja.