Boma Lati Mupereke Moni

Sabata yatha ndinanamizira boma, ndipo mpaka pano palibe wabwera kudzandigwira.

Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Nkhudzi kumakhala a Nimal, a ku Sri Lanka, makaniko wa mainjini a maboti pa loji ina. Munthu wofatsa, koma moni alibe. Akatuluka m'mawa, mutu pansi, sipanala m'manja, psuu! Anthu anachita kuwapatsa dzina loti Adutse.

Lachinayi anagogoda kwathu nkhope ili yakugwa. Chilolezo chawo chogwirira ntchito m'dziko muno chimatha mawa lake, ndipo kuti apemphe china amayenera kulowa mu akaunti yawo ya boma ya pa intaneti. Tsoka lake, foni yakale inali itamira m'nyanja pamodzi ndi magalasi awo. Foni yatsopano anagula, koma popanda magalasi zilembo amaziona ngati nyerere. Pempho likapanda kupita, ntchito yatha, alongedze. Ndipo kwawo anasiya ana awiri ali pasukulu.

Amayi anandiloza. "Pita ukawawerengere. Koma iwe Asiyatu, zachibwana zako zija ayi."

Ndinavomera ndi nkhope ya mwana wa ku madrasa.

Poyamba zinayenda. Foni inati ayang'ane kamera, anayang'ana. Aphethire, anaphethira. Atembenuze mutu, anatembenuza. Nditaona mmene bamboyu amamvera, shetani anandinong'oneza.

"Bambo," ndinatero m'Chingerezi changa cha Fomu 3, "kwatsala gawo lovuta. Boma likufuna umboni woti mumakhaladi kuno. Muyende ndi foniyi, mupereke moni kwa akuluakulu. Ikumvetsera."

Anakhulupirira. Ndani angatsutse? Boma likati bweretsa chithunzi chosaseka, umafunsa chifukwa?

Ndinawaphunzitsa msangamsanga: mawondo apinde pang'ono, dzanja lamanzere ligwire mkono wamanja, kenako "Ajimwiche uli?", ndiye kuti mwadzuka bwanji m'Chiyao.

Tinayambira kwa Che Mariamu ogulitsa mandasi. Mayiwo atamva moniwo anatsala pang'ono kugwetsa beseni.

"Ha! Adutse ali ndi pakamwa? Anthuni bwerani mudzaone!"

"Yamva?" anandinong'oneza a Nimal akuloza foni.

"Ikuti mawu achepa. Kwezani."

Anakweza, mpaka mbuzi zinatembenuka.

Kenako tinafika kwa Che Saidi, amene amasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Inu mukuwadziwa akuluakulu akuno, moni wawo si wapanjira. Anawakhazika pansi a Nimal n'kuyamba kuwafunsa. Akazi anu adzuka bwanji? Ana? Mayi anu akadalipo? Kwanuko mvula? Usipa umapezeka? Ine ndikumasulira uku nthiti zikupweteka.

Poyang'ana pa foni, kuseka konse kunatha. Tsamba lija linali litatseka chifukwa tinachedwa. Kuti tilowenso pamafunika nambala yachinsinsi yobwera pa meseji, ndipo netiweki inali itathawa. Ndinakweza foni m'mwamba, ndinakwera pachulu, ndinazimitsa n'kuyatsanso. Zii. Dzuwa likupendeka, a Nimal akungondiyang'ana ngati dokotala wawo.

Che Saidi anaika singano pansi.

"Mukuvinira chiyani pachulupo? Netiweki ikathawa kumtunda kuno timakaipeza pamadzi, kuseri kwa mwala uko. Ife tikafuna ogula nsomba timawaimbira tili kumeneko. Kwerani bwatoli."

Anapalasa okha, ngakhale msana wawo ndi wovuta. Tili pakati anati, "Uwauze achimwenewa kuti likanakhala dzulo ndikanangowaonerera. Sindimawadziwa. Lero andifunsa mmene ndadzukira."

Titangozungulira mwala, foni inalira. Nambala inalowa, pempho linapita, yankho linabwera loti lalandiridwa. A Nimal anagwira dzanja la Che Saidi ndi manja awiri, popanda wowauza.

Tsono tamverani, owerenga anga. Zoti boma lalowa m'foni ine ndikuzikonda. Munthu osakwera basi, osagona pabenchi podikira bwana amene wapita ku maliro. Akaunti imeneyi imadziwa nkhope ya a Nimal, tsiku lawo lobadwa, ngakhale kaphethiridwe kawo. Koma inapalasa bwato? Munthu angadziwike ku likulu n'kukhala mlendo kwa amene amamwa naye mjigo umodzi.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Komatu ena amabwera kudzakhala, ndipo ifenso tisadziyeretse. Dzina lowajeda tinawapatsa msanga, koma ndani anayamba wawaimitsa n'kuwaphunzitsa moni? Munthuyo anali wamanyazi chabe, amaopa kupotoza chilankhulo n'kusekedwa.

Ndipo a Adutse enieni si ochokera kunja okha. Alipo aphunzitsi ena amene anatumizidwa kuno, patha chaka koma amangodziwa njira ya kumsika. Alipo anzanga a zomvera m'makutu, amene pa foni amalonjera anthu a ku Joni koma agogo awo amawadumpha pakhonde.

Nkhani yanga inaululika Loweruka, a Nimal atagula magalasi n'kuwerenga okha tsamba lonse. Gawo la moni sanalipeze. Che Mariamu anafalitsa msika wonse, amayi anandikoka khutu, ndipo mapoto ndikutsuka ine mpaka mwezi uthe.

Dzulo m'mawa ndinakumana ndi a Nimal pamjigo. Ndinati ndithawe, koma ananditsekera njira, anapinda mawondo, dzanja pamkono.

"Ajimwiche uli, wabodza iwe?"

Mawu omalizawo anawaphunzitsa ndi Che Saidi. Akuti tsopano amacheza.

Amayi akuumirirabe kuti ndipepese. Ndipepese kwa ndani? A Nimal ntchito ili m'manja, injini ya boti la mwana wa Che Saidi aikonza, mandasi a Che Mariamu apeza kasitomala. Wolakwiridwa watsala ndi boma lokha, poti ndinalinamizira.

Likandifuna lindipeza pa mapoto. Koma likafika, liyambe lapereka moni.