Kompyuta Iyambe Yapereka Moni

Mzee Hamdani Kipingu, mkulu amene ankatiphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta mumzinda wa Tanga, ankadana ndi makina opanda mwambo. Tikamayamba chinenero chatsopano cha kompyuta, pulogalamu yoyamba inkayenera kuonetsa mawu akuti "Shikamoo", moni wa mwana kwa wamkulu.

"Kamakina aka n'kadzulodzuloli," ankatero. "Kayambe kandipatsa moni."

Mawuwo akaonekera, iwo ankavula magalasi n'kuyankha mwaulemu kuti, "Marahaba." Pulogalamu ikakana, ankaloza woilembayo: "Iwe, mwana wakoyu unamulera bwanji?"

Tinawaika m'manda zaka khumi zapitazo. Sabata yatha ndikuyesa chinenero china, zala zanga zinangolemba moni womwe uja, ndipo unaonekera. Ndinadikira pang'ono kuti Mzee ayankhe. Kenako ndinavula magalasi anga.