A Pampu ndi Chitsime Chakumtunda

Amalume anga dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense amangoti a Pampu. Ntchito yawo ndi kupopera mankhwala m'madimba a eni ake, thanki kumsana, nyimbo pakamwa. Akaweruka ankatsukira thankiyo pambali pa chitsime cha m'dambo, zotsalira n'kukhuthulira pansi.

"Dothi limameza zonse, mphwanga," ankatero.

Chaka china akazi awo, azakhali anga, anayamba kudandaula mutu ndi m'mimba mosalekeza. Ana a nyumba zoyandikana nawonso chimodzimodzi. Mlangizi wa zaumoyo, mayi wamfupi wosakonda nthabwala, anatunga madzi a pachitsimecho m'botolo kukayezetsa. Pobwerera anawapeza amalume pakhonde.

"Bambo, mankhwala aja sathera m'dothi ayi. Atsikira pansi, ali m'madzi amene mukumwa."

"Anga omwewa?"

"Anu, ndi a alimi anzanu onse."

 Amalume anadzambatuka.

"Ndiye takhaliranji pansi?"

Tsiku lomwelo anakhomera lata pachitsime chakale, n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo. Mlangizi analoza malo kumtunda, kutali ndi madimba, ndipo ntchito yokumba chitsime chatsopano inayambika: amuna makasu ndi mapiki, amayi ndowa zotayira dothi. Atagunda mwala ena anafooka, koma amalume anavula malaya, namanga chingwe m'chiuno.

"Abambo, mimba imeneyo itseka dzenje!" anakuwa akazi awo, anthu n'kufa nazo kuseka.

Analowabe. Piki inalira, inalira, kenako mawu anatuluka pansipo ngati a ng'ombe.

"Matope! Anthuni, matopeee!"

Nthungululu zake! Wina anataya ndowa n'kuyamba kuvina, agalu akuuwa osadziwa chachitika. Amalume anatuluka ali bii, makapu kale ali m'manja mwa anthu, koma mlangizi anatambasula mikono.

"Palibe akumwa ndisanayeze."

Masiku odikirawo amalume ankangozungulira chitsimecho ngati nkhuku yofuna poikira. Yankho litabwera kuti madzi ndi abwino, kapu yoyamba anapatsa akazi awo, atagwada pagulu.

Amapoperabe mpaka lero, koma atavala magolovesi ndi chophimba pamphuno, ndipo thanki amatsukira m'munda momwemo, kutali ndi madzi. Mlimi wofuna mankhwala opyola muyezo amamubweza pageti. Azakhali mutu unasiya, moti tsopano amawaposa amalume kulongolola.