Kapu ya Thovu ya Ada Anock

Ku Nkhata Bay kuno ukafunsa za Anock Longwe, achikulire amayamba aseka kaye. Munthuyu anali khukhi ku Bulawayo zaka khumi ndi zinayi. Anatsika Ilala mu 1954 atavala suti yoyera ndi chipewa, ngati sitimayo ndi yake, koma m'sutikesi munali Baibulo ndi thireyi yophikira basi. Chinanso chimene anabwera nacho ndi chifuwa. Pasanathe miyezi itatu mkazi wake Dorothy anamwalira, chinangwa n'kuolera m'munda ndi mvula. Bwato analibe, ndipo manja ozolowera supuni ukonde sakanautha.

Chinamutsalira ndi tchalitchi. Ankakhala pa benchi yachitatu, kuyimba besi kwinaku akutsokomola. Ankati masiku enawa amangopuma mpweya, koma pa mgonero m'pamene amakumbuka kuti Mulungu sanamutaye.

M'mawa wina, atapemphera mpaka mawu kumuthera, anadzuka n'kukagulitsa chipewa chija, nagula ufa wa tirigu kusitolo. Yisiti kunalibe. Koma khukhi ndi khukhi. Ankadziwa kuti thovu la pamwamba pa mowa wamasese ukamawira limatupitsa ufa msangamsanga. Ndiye m'mawa uliwonse ankadzera kanjira ka kuseri kupita kwa Nyamhone, mayi wofulula mowa, n'kubwerako ndi kapu yovindikira kansalu.

Ufa, kamchere, kashuga, madzi ofunda, thovu lija. Akakanda ankavindikira beseni, kuliika padzuwa, iye n'kukhala pambali akung'ung'udza nyimbo. Ola limodzi mtanda watupa kale. Ankaumba timipira, kutiika pa thireyi m'chigubu chodula, makala pansi ndi pamwamba. Dzuwa lisanafike pamutu, onyamula katundu padoko ndi amayi a mumsika anali atawalimbirana mabanziwo. Munthu anayamba kubwerera thupi.

Koma Nkhata Bay ili ndi maso ochuluka ngati usipa. Nkhani inafika kwa akulu a mpingo kuti Longwe amalawirira kumowa. Masiku amenewo mkhristu wa mowa ankadulidwa, mgonero osauonanso. Ndipo mgonero unali Lamlungu likubweralo.

Lachinayi anamuitana. Anafika atanyamula beseni lovindikira. Wofunsa anali Henderson Mphande, mkulu wa mpingo amene ngakhale nkhuku zake zinkayenda mwaulemu.

"Ada Longwe, kwa Nyamhone mumapitako?"

"Tsiku lililonse, Ada, kupatula Lamlungu."

"Ndi kapu?"

"Ndi kapu."

"Ndiye mumamwa."

"Womwa ndabwera naye, Ada. Ndi uyu." Anavundukula beseni, nafotokoza za thovu. "Ine pakamwa panga sipanafikepo dontho. Mukandichotsa pa gome la Ambuye, ndilibenso kwina kokhala."

Apa palibe anaseka.

Akuluakulu anayamba kukambirana. Kwathu kuno anthu asanu akakhala pansi, maganizo amakhala asanu ndi awiri, ena m'Chingerezi. Wina anati mowa ndi mowa ngakhale uvale ufa. Wina anafunsa ngati thovu ndi mowa kapena mwana wa mowa. Anock anangokhala pakhomo ndi beseni lake, pamene panali kadzuwa, maso ali tsinzi, akupempha chamumtima. Potsegula maso anaona nsalu itakwera ngati mimba ya miyezi isanu ndi itatu.

"Pepani azibambo, wolakwayu watupa. Ndikapanda kumuotcha tsopano awawasa."

Anamulola, poti umboni suyenera kuonongeka. Anasonkha makala kuseri kwa tchalitchi, pa chigubu chobwereka. Fungo litalowa pawindo, mtsutso unayamba kufooka wokha.

Ada Mphande anatenga banzi limodzi ndi zala ziwiri, kulinunkhiza, kulinyema. Atatafuna analizindikira. Anali mabanzi omwewo amene mkazi wake Margaret ankabwera nawo kuchokera kumsika, amene iye ankamwera tiyi chiyambire June, awiriawiri, atapemphereranso.

"Mowawo ukadalimo umu?" anafunsa motsitsa.

"Moto umauthamangitsa, Ada."

"Wonse?"

"Inu mwaledzerapo?"

Mkuluyo anatsokomola, natenga lachiwiri kuti atsimikize bwino. Chigamulo chinatuluka thireyi itayera. Longwe sadulidwa. Cholakwa chake n'kudzera kuseri ndi kubisa kapu, zomwe zimachimwitsa oona. Kuyambira tsopano azidzera msewu waukulu, kapu ili pululu.

Lamlungu Anock analandira mkate ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu, osaipukuta. Lolemba m'mawa anadutsa pakati penipeni pa msika, kapu ya thovu ataitukula patsogolo, ntchentche zikumulondola, akupereka moni kwa aliyense ndi dzina lake, ngakhale amene sanafunse.