Mabatani a jekete ya Kwacha

Anzanga, ine ndine Esitele wa ku Mlonyeni, mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito. Ndimawerenga chilichonse, ngakhale anapiye a aneba.

A Benedict ndinakumana nawo pa Kamwendo, akujambula nkhuku pakhoma la golosale.

"Bambo, nkhuku yanuyo yaperewera chala."

"Madamu, imeneyi inali tenanti. Chala chinacho inasiya ku esiteti!"

Ndinaseka. Chimwalirireni mwana wanga Kwacha ndinali ndisanasekepo pagulu.

Kwacha anapsa m'balani ya fodya pa esiteti ina, akutulutsa mnzake. Akuluakulu ankafuna kuti jekete yake, yopserera mkono, ikwiriridwe naye limodzi. Ndinachonderera mpaka achimwene anga a Kefasi anati, "Sungani, koma isadzaonenso dzuwa."

A Benedict nawonso akazi awo anamwalira kalekale, monganso amuna anga. Anayamba kubwera kwathu panjinga, n'kumakhala pakhonde tikusenda mtedza. Nditawafotokozera za Kwacha, sanandiuze kuti limbani mtima ngati ena onse. Anatenga pensulo.

Umo ndi mmene linabadwira buku lathu la zithunzi, la ngwazi yotchedwa Phulusa. Ndi mnyamata wakufa ndi moto amene amadzuka kudzateteza matenanti, koma akapulumutsa munthu, chidutswa cha thupi lake chimauluka ndi mphepo. Iwo ankajambula, ine ndinkalemba mawu.

"Uyu mwamupatsa zala zisanu ndi chimodzi."

"Ndi ngwazi, Madamu, zimuthandiza."

Anzanga, musaseke nkhalamba. Mtima suchita imvi. Tinagwirizana zokadalitsa ukwati kutchalitchi tikakolola.

Atapempha kuona jekete ija kuti aijambule bwino, ndinatseka chitseko kaye ndisanatsegule sutikesi.

"Muijambulire momuno. Isatuluke."

"Ndalumbira, Madamu."

Masamba ena a bukulo a Benedict anawafalitsa pa foni, ndipo anawaona Thokozani, wopanga mafilimu wa ku Lilongwe. Anabwera ndi kamera ndi gulu lake.

"Agogo, iyi ndi filimu yeniyeni! Ikafika mpaka ku Chipata!"

Sabata yojambulayo ine ndinali kuchipatala, BP itakwera. Makiyi onse ndinasiyira a Benedict, kuti azipatsa nkhuku madeya.

Filimuyo anaionetsa Loweruka masana pa vidiyo sho, anthu thithithi mpaka pakhomo. Phulusa anatuluka mu utsi, nkhope yokulungidwa ndi chiguduli chopaka phulusa. Maso anga anapita pachifuwa, mwachizolowezi.

Mabatani atatu akuda. Limodzi lobiriwira, lomwe ndinasokerera ndekha, lochotsa pa yunifolomu yakale.

Kumbuyo kwanga mayi wina anakuwa, "Mayo! Si Kwacha uyo?"

Panja ndinawagwira mkono a Benedict.

"Jekete imene ija ndi ya ndani?"

"Ya pa kaunjika, Madamu..."

"Batani lobiriwira nalonso ndi la pa kaunjika?"

Anayang'ana pansi. "Thokozani anati yogula sikugwira mtima. Ndinaibwezera musutikesi bwinobwino. Ndimati simudziwa."

Kunja kusanade nkhani inali itafika m'midzi yonse. Akuti mwana wanga sindinamuike m'manda, ndinamusandutsa ndondocha, munthu wakufa wogwirira ntchito mfiti. Akuti n'chifukwa chake mtedza wanga umabereka kuposa wa anzanga. Mtedza umene ndimabzala ndi chingwe, kuyeza phando lililonse!

Miyala inayamba kugwa padenga. Kumjigo ndikafika, amayi ankanyamula zidebe zosadzaza n'kumapita. Ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndine kugawa ndi kuchulukitsa.

A Kefasi anaitanitsa abale ndi aneba.

"Achemwali, ndinati chiyani za jekete imeneyi?"

"Achimwene, a Benedict abwera afotokoze. Wovalayo ndi mnyamata wa ku Lilongwe, wamoyo, amadya tchipisi."

Tinadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka mthunzi unatisiya. Ndinaimba foni anthu onse akumva. A Benedict anali atadutsa kale malire ndi Thokozani, kukaonetsa filimu ku Chipata.

"Madamu, ndikabwera panopa aziti ndife amodzi. Dikirani zizizire kaye."

"Nanga ine ndizizirira kuti?"

Anadula.

Pofuna kundipulumutsa, a Kefasi anatulutsa jekete ija, anaithira palafini n'kuiyatsa pamaso pa onse. Ndinaima phee, kuonerera mwana wanga akupsa kachiwiri.

Moto utazima bambo wina anati, "Mwatentha chovala. Nanga mwiniwake mwamubisa kuti?"

Panopa ndili kwa mphwanga kufupi ndi Guilleme, m'kachipinda kosungiramo chimanga. Mtedza wanga waolera m'munda, palibe wolola kuukumba. Ndikumva kuti filimu ikukondedwa kwambiri kutsidyako, ndipo akukonza yachiwiri. Uthenga wa a Benedict womaliza unali wofunsa ngati ndingawalembere mawu ake.

Ndisanachoke ndinafukula phulusa lija ndi kamtengo. Mabatani akuda anasungunuka. Lobiriwira ndinalipeza litapindika, ndipo ndinalimanga pansonga ya chitenje.

M'buku lathu, pamapeto Phulusa amatha yense, mayi ake n'kumathamangitsa mphepo ndi lichero. Tsamba limenelo ndinalemba ndine, a Benedict akundiyamikira kuti ndili ndi luso.

Anzanga, munthu akalumbira musamangomva kukoma kwa mawu. Ine ndinawerenga zala za nkhuku yawo, ndinawerenga zala za ngwazi yawo, koma makiyi ndinangopereka onse pamodzi, wa sutikesi ali pomwepo.