Zala za Achemwali Anga a Mavis

Achemwali anga a Mavis Entwistle analowa fakitale ya nsalu ali kamtsikana kosadziwa n'kuphika tiyi komwe. Chaka chimene anakwatiwa, makina oombera nsalu anawadula zala ziwiri za dzanja lamanja. Bala litapola anabwerera pa makina omwewo, mpaka fakitale inatsekedwa. Ana anayi analeredwa ndi zala zitatu zotsalazo, ndipo palibe anagonapo ndi njala. Kwathu sitilira pagulu.

Chaka chatha a khonsolo anakumbukira kuti tauni ino inali ndi anthu. Fakitale ija anali ataisandutsa kale nyumba zodula za alendo omwa khofi wozizira, ndiye anati pabwalo paime chosema: chidzanja cha woomba nsalu, chotalika kuposa basi. Koma kusema kwake! Palibe anagwirapo nyundo. Anangozunguliza kamakina kowala kojambulira pa dzanja la achemwali, kompyuta n'kulamula makina ena kudula zitsulo.

Achemwali anavomera pa chifukwa chimodzi chokha. "Adzukulu athu adzaone ndi maso chimene nsalu inatidyera, Norah. Zongowauza pakamwa amaiwala."

Tsiku loonetsa chosemacho tinapita banja lonse, mvula ikuwaza, adzukulu anga atatchena kuposa aliyense pabwalopo. A meya anakoka chinsalu chophimba. Zala zisanu! Zosalala ngati za wogulitsa mafuta odzola.

"Iwe Norah, tawerenga. Kapena maso angawa atha?"

"Zisanu, achemwali. Zamera."

"Ha! Ndikanadziwa ndikanawapatsanso nkhamazi, andimeretsere mano."

Mwini ntchito yokonza chosemacho, bambo wa mpango m'khosi, anabwera akumwetulira. Akuti kompyuta inayesa kuti chithunzi chalakwika, n'kudzaza pamene panaperewera. Iye ataona anati zisiyeni choncho, dzanja lathunthu likusonyeza kuti tauni yachira.

"Yachira?" Achemwali anamuika dzanja lenileni pamphuno. "Bambo inu, chachira n'chiyani apa?"

Bamboyo anapempha achemwali aime pafupi ndi chosemacho kuti awajambule. Anakana. Anauza a meya, anthu onse akumva, kuti dzina lawo lichotsedwe pa chikwangwani cha chosemacho, chifukwa iwo satenga ulemu pa dzanja la eni ake. A meya anaseka, kuyesa n'zocheza. Sawadziwa achemwali. Achemwaliwo anapita ku khonsolo mlungu ndi mlungu mpaka dzinalo analipala.

Chidzanjacho chikadali pomwepo, nkhunda zikuchinyera. Adzukulu anga ndinawaletsa kujambulitsa pamenepo. Ameneyo si m'bale wathu.